Adokotala, malipiro mukulandira, nanga chuma chili kuti? Ndondomeko ya kasungidwe ndi kachulukitsidwe ka ndalama

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikugwira ntchito yowerengera ndalama kuno ku Kasungu, poyamba pa chipatala china cha mishoni, ndipo tsopano pandekha, kuthandiza anthu pa nkhani za msonkho ndi mabuku a bizinesi. Mwa anthu onse amene amafika mu ofesi yanga, madokotala ndiwo amafunsa funso limodzi lomwelomwelo. Amayamba atseka kaye chitseko, n'kutsitsa mawu, kenako amati: "Bambo, kulandira ndimalandira ndithu, koma kumene zikulowera sindikukudziwa." Ndayankha funsoli kambirimbiri, choncho ndaganiza zolemba yankho lake kamodzi kuti aliyense aziwerenga pa nthawi yake.

Ndikulembera inu amene, kuwonjezera pa malipiro a pamwezi, mumapezanso ndalama za lokamu (ntchito ya maola owonjezera), za kafukufuku, za mabungwe, kapena za kiliniki yanuyanu. Musanayambe kuwerenga, gwirani mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti munayamba kulandira mochedwa: pamene inu munali ku koleji zaka 5 kapena 6, kenako n'kukagwira intenishipu, anzanu a ku sekondale anali atayamba kale kuumba njerwa. Yachiwiri ndi yakuti chimene mulibe ndi nthawi. Munthu amene amakhala mu fiyeta kapena mu wodi usana ndi usiku sangalondere bizinesi, ndipo malangizo onse ali m'munsiwa atsamira pamenepo.

1. Dziwani zimene zimalowa ndi zimene zimatuluka

Pemphani sitetimenti ya ku banki ya miyezi 3 yapitayi, ndipo muwonjezepo mbiri ya zonse zimene munatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Musadumphe za pafonizo, chifukwa ndi kumene ndalama za madokotala ambiri zimathera, K20,000 uku, K35,000 uko, mpaka kuposa lendi ya nyumba. Mukatero gawani zolowa pawiri: zokhazikika, zomwe ndi malipiro a pamwezi msonkho utachotsedwa, ndi zosakhazikika, monga lokamu ndi maalawansi a misonkhano. Lokamu, kwa amene akuwerenga nkhaniyi m'malo mwa mwamuna kapena mkazi wawo, ndi ntchito yogwirira wina kapena yowonjezera pa maola anu, imene imalipidwa payokha.

Moyo wa tsiku ndi tsiku, kuphatikizapo lendi, chakudya, mafuta a galimoto ndi fizi ya ana, uzikwana m'malipiro okhazikikawo. Zosakhazikika zonse zizipita kosungidwa. Amene anamanga moyo wawo pa ndalama za mapulojekiti anaona zakuda mu Januwale 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, ntchito zina za umoyo n'kuima mwadzidzidzi koma fizi ya ana ikudikirabe.

2. Thanani ndi ngongole ndi msonkho

Lembani ngongole zonse pa pepala limodzi, ndipo muyambe kubweza imene ili ndi chiwongoladzanja chachikulu. Ngati pali katapila, ndiyo yoyamba. Wobwereka K100,000 n'kubweza K150,000 pakutha pa mwezi sangapeze bizinesi iliyonse yomubwezera zimene akutayazo. Musachite manyazi, ndaonapo madokotala angapo ali m'katapila, ndipo ambiri analowamo chifukwa cha maliro kapena ukwati. Ngongole ya sukulu imene munatenga ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira a m'mayunivesite ibwezeni mwandondomeko, chifukwa mbiri ya ngongole ya munthu masiku ano imasungidwa, ndipo mabanki amaifufuza musanapatsidwe ngongole ya nyumba.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi galimoto. Dokotala amafunikadi galimoto yodalirika, pakuti amaitanidwa pakati pa usiku, koma kutenga ngongole ya ku banki pa chiwongoladzanja choposa 25 peresenti kuti mugule galimoto yoti anthu azikuonerani ndi kudzimangirira mwala m'khosi. Gulani imene zipangizo zake zimapezeka pa Kasungu pomwe pano, yosachita kuyitanitsa makaniko ku Lilongwe.

Za msonkho, kumbukirani kuti msonkho wa PAYE umene abwana anu amadula umakhudza malipiro okha. Ndalama za kiliniki, za lendi ndi za upangiri zimafunika kuonetsedwa ku bungwe lotolera msonkho la MRA. Khalani ndi TPIN, yomwe ndi nambala yanu ya msonkho, ndipo aliyense amene wakudulani msonkho pokulipirani akupatseni chikalata chake. Zikalatazo zisungeni, chifukwa zimachepetsa zimene mudzalipire pakutha pa chaka.

3. Ikani padera ndalama ya tsiku loipa

Ikhale yokwanira kuyendetsa nyumba yanu miyezi 3 mpaka 6, ndipo ikhale ku akaunti imene siili pa foni yanu. Ndalama yoti mutha kuitumiza ndi chala muli pabedi siikhalitsa.

4. Ikani malire pa thandizo la abale

Apa ndipo pagona nkhani, ndipo malangizo ambiri a zachuma amapalambalala chifukwa analembedwera anthu a kumayiko kumene munthu amadyetsa nyumba yake yokha. Kwathu kuno sizili choncho. Tsiku limene munatchedwa adokotala, mudzi wonse unapuma. Mayi anu anagulitsa mtedza kuti mupeze thiransipoti ya ku Blantyre, atsibweni anu anagulitsa ng'ombe, achemwali anu anasiya sukulu inu n'kupitiriza. Kwa ife Achewa, mwamuna amene zake zayenda amasanduka mwini mbumba ngakhale asanasankhidwe, ndipo ana a alongo ake amayang'ana kwa iye. Mkazi amene zake zayenda naye sapulumuka, amasenza kwawo ndi kwa amuna ake komwe. Sindikukuuzani kuti musiye kuthandiza. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo dokotala womana abale ake sindimusirira. Chimene ndikunena ndi chakuti thandizo lopanda muyeso limagwetsa wothandiza ndi othandizidwa omwe.

Dokotala wina anandionetsa foni yake tsiku lina atangotuluka kochita opaleshoni. Munali mauthenga 7. Wina ankafuna feteleza, wina fizi, wina anali atagwidwa ndi apolisi apamsewu, ndipo wina anangolemba kuti "Achimwene ndili pamavuto, imbani." Anatumiza kwa onse ali chiimire, asanavule n'komwe zovala za mu fiyeta, chifukwa analibe mphamvu zokambirana ndi aliyense. Titawerengera miyezi 3, tinapeza kuti zotumizazo zinkaposa zimene banja lake linkadya. Chomvetsa chisoni n'chakuti kumudziko kunalibe chooneka chimene ndalamazo zinachita, ndipo abalewo ankamudandaulabe kuti sathandiza mokwanira.

Chitani motere. Choyamba khalani pansi ndi akunyumba kwanu, awiriwiri, mugwirizane kuchuluka kwa ndalama imene izipita kwa abale mwezi uliwonse, mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi. Mukabisirana pamenepa, banja lidzagwedezeka chuma chisanabwere n'komwe. Ine ndimalangiza kuti isapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a malipiro okhazikika, kapena mwa magawo 7 ngati makolo onse ali moyo ndipo akudalira inu, koma nambala yeniyeni mudziwa ndinu. Ndalamayo muitsegulire akaunti yakeyake kapena nambala ya foni yakeyake. Ikatha, yatha, mpaka mwezi wamawa.

Kenako igaweni molingana ndi kulemera kwa udindo. Makolo azilandira ndalama yodziwika pa tsiku lodziwika, asamachite kupempha, pakuti kupempha kwa mwana wako kumachotsa ulemu. Pa fizi, sankhani ana owerengeka amene mungawafikitse kumapeto, awiri kapena atatu, ndipo muzilipira ku akaunti ya sukulu mwachindunji, n'kumaona lipoti la teremu iliyonse. Kuthandiza ana 10 pang'onopang'ono, aliyense n'kulekezera Fomu 2, ndi kuthira madzi m'dengu. Mwana mmodzi amene mwamufikitsa pa ntchito adzakulandirani katundu wina, ndipo ameneyo mumuuze poyera kuti akadzayamba kulandira adzaphunzitse mnzake.

Zina muzigula nthawi yake isanafike. Aliyense wa kuno amadziwa kuti mafoni opempha chimanga amachuluka mu Januwale ndi Febuluwale, pamene mtengo uli kumwamba. Gulani matumba a kumudzi mu Meyi kapena Juni, anthu akungokolola, muthire mankhwala a anankafumbwe, musunge. Feteleza ndi mbewu gulani mvula isanayandikire. Za maliro, lowani inshuwalansi ya maliro imene imaphatikiza makolo ndi apongozi, chifukwa bokosi, galimoto ndi chakudya cha pasiwa zonse zidzagwera inu, ndipo maliro sapangana tsiku.

Ngongole kwa m'bale musaiwerengere ngati ngongole. Ngati mungathe kuipereka osaiyembekezeranso, perekani ngati mphatso yochokera m'thumba la abale lija. Ngati simungathe, kanani. Ndipo musavomere kuika dzina lanu kapena malipiro anu ngati chikole pa ngongole ya wina, ngakhale akhale mlamu wanu wokondedwa, pokhapokha mutakonzeka kuibweza yonse nokha.

Chovuta kwambiri ndi kuwauza. Musawauze pa foni, ndipo musawauze pa nthawi imene wina wangopempha kumene, chifukwa adzamva ngati mwakana iyeyo. Pitani kumudzi nthawi yokolola, mitima ili m'malo, mukayambe ndi atsibweni kapena munthu wamkulu amene abale amamumvera. Mawu ake angakhale otere: "Atsibweni, ndabwera kuti mundithandize nzeru. Ndikufuna thandizo langa lizioneka. Amayi ndiziwatumizira pa 28 mwezi uliwonse, ana awiri awa ndiwaphunzitsa mpaka amalize, feteleza ndizigula mu Seputembala. Zina zikabwera, zizidzera kwa inu, tizikambirana." Mukatero mwapatsa wamkuluyo ulemu wake, ndipo mwapeza wokutchingirani.

Konzekani kunenedwa. Adzati mwayamba kunyada, adzati tauni yakulowani. Ngati ndinu bambo, adzati akazi anu anakudyetsani khuzumule. Ngati ndinu mayi, adzati sukulu yakupatsani mwano. Miyezi yoyambirira imawawa, ndipo ambiri amagonjera pomwepa. Amene ndawaona akupirira, pakutha pa chaka abale anazolowera, chifukwa anaona kuti zimene analonjezedwa zikufika pa tsiku lake osachita kukumbutsa.

Muyeso womwewu ukhudzenso za kutchalitchi ndi za maukwati. Dokotala amaitanidwa kukhala mlendo wolemekezeka pa Pepa Sande iliyonse ndi pa perekaniperekani aliyense. Sankhani pachiyambi pa chaka kuti mudzapita kungati ndipo mudzapereka zingati, kwinako muzitumiza envelopu ndi mawu opepesa.

5. Musagoneke ndalama pamene mitengo ikuthamanga

Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inaitsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene anali ndi K10 miliyoni ku akaunti anagona ali ndi ndalama yokwana madola oposa 8,400, n'kudzuka ali ndi osafika 5,900, popanda wakuba kulowa m'nyumba. Kuyambira 2022 mpaka 2025 mitengo ya zinthu inkakwera ndi oposa 20 peresenti pachaka. Mitengo ikamakwera ndi 25 peresenti pachaka, pa zaka 3 zokha chinthu chimagulidwa pafupifupi kawiri mtengo wake wakale. Choncho funso loyenera kufunsa pa malo alionse osungirako ndalama ndi lakuti: kodi phindu lake, msonkho utachotsedwa, likuposa kukwera kwa mitengo? Akaunti wamba yosungira imalephera mayeso amenewa kutalitali.

Pali njira zitatu zosafuna kuti muzilondera. Yoyamba ndi kubwereketsa boma kudzera mu Treasury bills, zomwe ndi zikalata za masiku 91, 182 kapena 364, ndi Treasury notes, zomwe zimatenga zaka 2 kupita m'tsogolo ndipo zimalipira chiwongoladzanja kawiri pachaka. Banki yanu ikhoza kukugulirani. Nthawi ikakwana musadye phindulo, liphatikizeni ndi mpamba mugulenso.

Yachiwiri ndi thumba la pamodzi, limene ena amalitcha unit trust, pamene kampani yovomerezeka monga Old Mutual imasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri n'kuziika m'malo osiyanasiyana. Ndi malo abwino a ndalama ya tsiku loipa ija, chifukwa imapezeka pakangopita masiku ochepa mutaipempha. Funsani ndalama imene amadula poyendetsa thumbalo musanasaine.

Yachitatu ndi masheya pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, imene inayamba malonda mu 1996. Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani, ndipo mwini wake amalandira gawo la phindu, komanso amapindula mtengo wa sheyayo ukakwera. Pamsikawu pali makampani amene mumawadziwa kale, monga National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank, FDH Bank, Airtel Malawi, TNM, Illovo, Press Corporation ndi NICO Holdings. Simugula nokha, mumadzera kwa broker wovomerezeka, mkhalapakati wa malonda a masheya, amene amakutsegulirani akaunti yosungira masheya pogwiritsa ntchito chiphaso chanu cha unzika. Masheya amakwera n'kutsika, choncho ikanimo ndalama imene simudzaifuna kwa zaka 5 kapena kuposa, muzigula pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo musaunjike zonse m'mabanki okhaokha chifukwa choti ndiwo akutchuka pa WhatsApp.

Uzani banki kuti izichotsa yokha ndalama yosungayo tsiku limene malipiro alowa. Mukadikira zotsala, sipadzatsala kanthu. SACCO ya ogwira ntchito ndi yabwino pa ngongole zazing'ono, ndipo chipereganyu cha anzanu a pantchito chimathandiza kugula chinthu chachikulu kamodzi, koma dziwani kuti chipereganyu sichibereka; wolandira pomaliza amalandira ndalama yofooka kuposa imene anapereka. Aliyense wokulonjezani kuti ndalama yanu ichulukitsidwa kawiri pa mwezi umodzi, kaya ndi pa intaneti kaya ndi mnzanu wa kutchalitchi, mufunseni chiphaso cha Reserve Bank, ndipo akayamba kuzungulira mutsanzikeni.

6. Malo, munda ndi minibasi

Dokotala aliyense wobwera ku Kasungu amalota esiteti. Akaona malole a mabelo akulowera ku msika wa fodya wa Chinkhoma, n'kumva kuti fodya amagulidwa m'madola, mtima umadumpha. Ulimi umapindulitsadi, kaya ndi fodya, soya kapena mtedza wa ku Mchinji, koma umapindulira amene amadzuka m'mundamo. Ulimi wa pa foni, woyendetsedwa ndi mphwanu kapena mwana wa achemwali anu, umatha chimodzimodzi: feteleza wa matumba 40 amafika m'nthaka 25, zokolola zimatuluka usiku, ndipo simungamuchotse ntchito chifukwa ndi magazi anu. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ngati mtima wakana kusiya, yambani ndi maekala ochepa pafupi ndi pamene mukhoza kufika Loweruka lililonse, lembani kapitawo wosakhala m'bale pa mgwirizano wolembedwa, ndipo musunge buku kwa nyengo ziwiri musanawonjezere. Za minibasi ndi njinga zamoto za kabaza sinditaya nazo nthawi: dalaivala amalemera, mwini wake amagula matayala.

Malo ndi chuma chenicheni ngati mapepala ake ali bwino. Siyanitsani malo a mafumu ndi malo a lizi. Kalata ya amfumu ndi umboni wa anthu awiri sizikutetezani tsiku limene abale a wogulitsayo adzatulukira n'kunena kuti mundawo ndi wa mbumba yonse, ndipo milandu yotere ili mbwee m'makhoti. Musanalipire, kafufuzeni ku ofesi ya za malo kapena ku khonsolo kuti mwini wake weniweni ndani ndiponso ngati malowo sanaikidwe chikole ku banki. Pezani loya, ndipo malire ayezedwe ndi woyeza malo wovomerezeka. Lipirani kudzera ku banki kuti pakhale umboni.

Pa nyumba, yambani ndi imodzi yoti mumalize. Maboma athu adzaza ndi nyumba zazikulu zolekezera pa lintala, udzu utamera m'zipinda, ndalama itagona m'njerwa zaka 8 osabweza ngakhale tambala. Musanamange ya lendi, funsani lendi ya nyumba zofanana nayo m'deralo, muiwerengere pachaka, muiyerekeze ndi zimene ndalama yomweyo ikanabereka mu Treasury notes. Ganiziraninso kuti mukhoza kusamutsidwa kapena kupita kukaphunzira ukatswiri kunja kwa zaka 4.

7. Kiliniki yanuyanu

Iyi ndiyo bizinesi imene mumaidziwa kuposa wina aliyense, ndipo kawirikawiri imaposa munda. Onani kaye zimene mgwirizano wanu wa ntchito ukulola. Malowo avomerezedwe ndi Medical Council of Malawi, ndipo za mankhwala zitsate malamulo a bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA. Kiliniki ikhale ndi akaunti yake, inu muzidzilipira malipiro odziwika, osatapa m'kabati madzulo alionse. Odwala a inshuwalansi ya zaumoyo ya MASM ndi a inshuwalansi zina amabweretsa ndalama yabwino koma siilowa tsiku lomwelo, choncho khalani ndi mpamba wogulira mankhwala ndi kulipira anamwino podikira. Mankhwala muziwerenga nokha kamodzi pa mwezi, botolo ndi botolo.

8. Penshoni, inshuwalansi ndi wilo

Lamulo la penshoni limafuna kuti wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro anu ndipo inu 5 peresenti. Pemphani sitetimenti chaka chilichonse kuti muone ngati ndalamazo zikufikadi, chifukwa alipo olemba ntchito amene amadula koma osatumiza. Mukasintha ntchito, musathamangire kuitapa. Ngati mumadzilemba nokha ntchito pa kiliniki, palibe amene akukusungirani, lowani nokha m'thumba la penshoni.

Popeza nyumba yonse yatsamira pa manja anu, tengani inshuwalansi ya moyo, ndipo mufunse ngati ikulipiranso mutalumala n'kulephera kugwira ntchito. Inu mukudziwa bwino kuposa ine zimene msewu wa M1 umabweretsa ku chipatala usiku.

Wilo ambiri amaiopa ngati kuti kuilemba ndi kuitana imfa, ngakhale madokotala amene amasaina zikalata za imfa sabata iliyonse. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma popanda wilo banja lanu lidzayenda m'maofesi miyezi yambiri pamene abale ena atanyamula kale makiyi a galimoto. Wilo ilembedwe, muisaine pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zikhale anthu amene sakulandirapo kanthu. Ngati pali ana a kunja kwa banja, atchuleni, pakuti adzatulukira ndithu pa tsiku la maliro. Ngati mukufuna kuti mayi anu kapena ana a alongo anu amene mukuwaphunzitsa adzapitirize kuthandizidwa, lembani momveka kuti ndalama yake idzachokera pati.

Fomu yotchula odzalandira penshoni ndi inshuwalansi ndi yosiyana ndi wilo, ndipo ambiri anaidzaza tsiku loyamba ntchito asanakwatire, n'kulembapo mayi awo kapena mchimwene wawo. Kaipempheni sabata ino muikonze. Pomaliza lembani pa pepala limodzi maakaunti onse, dzina la broker, manambala a mapoloti ndi kumene kuli mapepala ake. Kope imodzi ikhale kwa loya pamodzi ndi wilo, ina kwa akunyumba kwanu, ndipo muziliwonanso mwezi wa Januwale uliwonse.